Zeze wa Dzanja Limodzi

Amuna anga anali ndi maluso awiri amene ankadzitama nawo, kupala matabwa ndi kuyimba gitala. Ntchito yawo yeniyeni inali kulima mbatata ya kachewere ndi kabichi, ndipo pa ulimi palibe amene akanawanena, koma za ulimizo sindinawamvepo akuzitchula pagulu. Iwo ankafuna kuti anthu aziwadziwa ndi mipando.

Kwathu ndi kumunsi kwa phiri la Chongoni, m'mbali mwa njira imene amayi amadzera popita kotola nkhuni. Mlendo akafika tinkamuuza kuti "khalani bwino," ndipo amene ankatidziwa ankamva kuti limenelo ndi chenjezo. Mpando uliwonse umene amuna anga anakhoma unali ndi mwendo umodzi wamanyazi, wokana kugunda pansi. Tebulo lathu lodyerapo, la mlombwa weniweni, linakalamba litapondera katoni yopindapinda. Ndikadandaula ankati vuto ndi ine, sindinazire pansi mosalala. Tinachoka m'nyumba ya udzu kulowa m'nyumba ya malata ndi simenti, tebulo n'kumatsimphinabe. Iwo anagwada, anayang'anitsitsa, n'kunena kuti omanga nyumba a masiku ano ndi osadalirika.

Gitala yokha ndiyo ankaitha, pamenepo ndisawanamizire. Ankatsogolera nayo kwaya ya abambo kutchalitchi kwathu, ndipo akaweruka kudimba ankakhala nayo pakhonde mpaka nkhuku zitalowa. Nyimbo ankadziwa zambiri, kungoti zonse zinkamveka ngati za bere limodzi.

Chaka china, nthawi yokumba kachewere, anagwa kudimba. Anthu anawatengera pa ngolo mpaka pa Chimbiya, n'kuwakweza minibasi ya kuchipatala. Adokotala anati ndi sitiroko. Anabwerako amoyo, akuyankhula bwinobwino, koma mwendo wamanzere ukukoka ndipo dzanja lamanzere litapinda zala. Dzanja limenelo ndi lomwe limadina nsambo pa gitala.

Tsiku lina masana ndikuchokera kumjigo ndinawapeza pakhonde gitala ili pantchafu. Ankatenga zala zamanzere ndi dzanja lamanja n'kuziika pa nsambo, chimodzichimodzi, ngati munthu akukhazika ana pamzere. Akangochotsa dzanja lamanja, zalazo zinkaterereka n'kugwa. Anabwereza kangapo asanandione. Atandiona anati, "Mayi, kaikeni iyi pamwamba pa kabati, ikulowa fumbi."

Kuyambira pamenepo anakhala chete. Munthu amene ukwati wonse ankapeza cholakwika m'ndiwo zanga, lero mchere wachepa, mawa tomato wachuluka, anayamba kudya osanena kanthu, pomaliza n'kuthokoza. Ndinawaphikira nyemba zopserera, mwangozi, iwo n'kunena kuti zikomo. Ndinalowa m'khitchini n'kukhala pansi, mantha atandigwira kuposa tsiku limene anagwa.

Ndinamuuza mwana wathu wamkazi, amene amaphunzitsa ku Lilongwe. Patapita masiku ananditumizira vidiyo pafoni. Munali mayi wina wachizungu atakumbatira chinthu cha ngodya zitatu, chokhala ndi nsambo zambirimbiri zoimirira, ngati chija amanyamula angelo pa zithunzi. Mwanayo anandiyimbira.

"Amayi, mwaona? Ameneyo ndi zeze wa kunja. Safuna kudina. Nsambo iliyonse ili ndi liwu lakelake, mumangokodola. Ababa angathe kuyimba ndi dzanja limodzi."

Ndinamufunsa kuti amagulitsa kuti. Anaseka, n'kunena kuti wafunsa Lilongwe yense, anthu akumuonetsa ma kiyibodi. Kenako anatumiza vidiyo ina ya bambo wandevu akupanga zeze wotereyu kunyumba kwake. Bamboyo anali m'chishedi chodzaza makina, ena ocheka, ena osalaza, ena opopa utuchi kuti asayetsemule, ndipo malinga ndi kumasulira kwa mwana wanga ankanena kuti ntchitoyi ndi yosavuta, aliyense angaithe.

Ndinayamba ndapita kwa akalipentala a pa Chimbiya, amene amakhoma zitseko ndi mabokosi a maliro kuseri kwa amayi ogulitsa tomato. Anaonera vidiyoyo mpaka kumapeto, anaibwereza, n'kuitana anzawo owotcherera zitsulo kuti nawonso aone.

"Ichi n'chophweka, mayi. Bwerani sabata yamawa."

Sabata yamawa ya akuluwa sinkapezeka pa kalendala yathu. Ndinapitako mpaka makondakitala anasiya kundifunsa kumene ndikutsikira. Potsiriza anandiuza mosabisa kuti nyengo yozizira ino maliro achuluka, ndipo womwalira sadikira pomwe choyimbira chikhoza kudikira. Sindikanawatsutsa. Ndinabwerera kunyumba nditakwiya, ndinagwada m'chipinda n'kusolola thumba la zida za amuna anga pansi pa bedi. Munali sowo, hamala, puleni, kasemasema ndi choboolera chopukusa ndi dzanja. Mtengo ndinali nditaudulapo ndi nkhwangwa basi, ndipo nkhuni sizifuna kuwongoka.

Matabwa a paini ndinagula kwa ocheka a kufupi ndi nkhalango. Pulayiwudi ndinakanganula kumbuyo kwa kabati, poti kumbuyo kwa kabati kumaonedwa ndi khoma lokha. Ndinaika benchi pansi pa mtengo wa pichesi, foni ndinaitsamiritsa pa njerwa, n'kuyamba. Zeze ameneyu ali ndi zigawo zitatu: bokosi lotulutsa mawu, khosi lopindika pamwamba pomwe nsambo zimamangidwa, ndi mzati wakutsogolo wochirikiza khosilo. Bambo wandevu uja anacheka zonsezi nthawi imene ine ndimatenga kuti ndipeze magalasi anga.

Amuna anga sindinawauze chimene ndinkapanga. Tsiku loyamba anangoyang'ana ali pakhonde. Ndinajambula mzere ndi pensulo, sowo n'kutenga njira yakeyake, ngati mbuzi yodziwa kumene kuli dimba la eni. Tsiku lachiwiri sowo anakakamira pakati pa thabwa, osapita kutsogolo, osabwerera. Ndili mkati molimbana naye ndinamva mawu kuchokera pakhonde.

"Sowo sagwira choncho."

Ndinaima. Ndikanakonda kunena kuti ndinalakwitsa dala kuti ndiwadzutse, koma sowoyo ndinkagwiradi molakwika.

"Amagwira bwanji?"

"Mukumukankha ngati mukusinja. Msiyeni adye yekha. Komanso thabwalo mwaliika mozondoka. Tandibweretserani mpando kuno, mungandiwonongere zida."

Ndinawanyamulira mpando, n'kuupondetsa kamwala kuti usawagwetse. Umu ndi mmene ndinapezera mphunzitsi, munthu amene moyo wake wonse sanakhomepo chinthu choima chilili. Nditawaonetsa vidiyo anaonera nkhope ili gwa, n'kunena kuti mzunguyo akudalira makina, luso alibe. Za amene adzayimbe zezeyo sanafunse, ndipo ine sindinanene.

Bokosi linanditengera masabata. Linali lalitali kuchokera pansi kufika m'chiuno mwanga, lotambalala mbali imodzi, lowonda mbali inayo, ndipo lisanavundikiridwe ndi pulayiwudi ndinkalisiya pabenchi kukamwa kuli m'mwamba kuti guluu aume. Amayi opita kunkhuni ankachepetsa liwiro akafika pa mpanda wathu. Moni wawo unayamba kutalika, maso ali kubenchi. Ine ndinkaganiza kuti akusirira.

M'mawa wina kunafika alamu anga, mlongo wawo wa amuna anga, amene anakwatiwa ku Mphunzi. Anali atamanga chitenje cholimba m'chiuno ngati obwera kudzalima. Madzi anakana, mpando anakana, ngakhale kuti pokana mpando sindikanawaimba mlandu.

"Alamu, ndamva kuti mwayamba kukonzeratu."

"Kukonzeratu chiyani?"

"Achimwene anga akupuma, akudya, akuyankhula. Inu mukukhoma bokosi pabwalo, dzuwa likuswa mtengo, iwo akuonerera. Kwanu amatero?"

Ndinayang'ana bokosi lija ndi maso a anthu odutsa, ndipo ndinaona chimene ankaona. Nkhani inali itakwera mapiri mpaka ku Mphunzi, ndipo paulendo wonsewo palibe amene anaima n'kufunsa kuti bambo wamtali ngati amuna anga angalowe bwanji m'kabokosi kofika m'chiuno.

Amuna anga anayamba kugwedezeka mapewa. Ndinathamanga poganiza kuti matenda abweranso, koma kunali kuseka. Anaseka mpaka misozi, mbali imodzi ya pakamwa ikutsalira.

"Achemwali, talibweretsani kuno tiyeze," anatero. "Ndikakwanamo mundiike lero lomwe, musavutike kubweranso ulendo wina. Komanso mayiwa akadzandikhomera bokosi, mudzayende pambuyo ndi mkeka, chifukwa ndidzagwera panjira. Misomali yawo ndaiona."

Alamu anakhala pansi pa mkeka, anamwa madzi aja, n'kunena kuti iwo sanakhulupirire n'komwe, anangobwera kudzaona odwala. Popeza ulendo wa ku Mphunzi ndi wautali, anaona kuti si bwino kubwerera msanga, choncho anakhala nafe masiku angapo n'kukhala kapitawo wachiwiri. Anandiuza kuti chiyambire sanaonepo mkazi akupala matabwa ndipo tsopano amvetsa chifukwa chake. Komabe anandithandiza. Pomata pulayiwudi pamwamba pa bokosi, bambo wa mu vidiyo anapanikiza ndi zitsulo zomangira zambirimbiri. Ine ndinali ndi alamu, amene Mulungu sanawamane thupi. Ndinayala thabwa pamwamba, iwo n'kukhalapo masana onse akusenda nandolo ndi kundifotokozera zolakwa zanga. Malo amene anakhalapowo mpaka lero sanamatukepo.

Nsambo ndinakagula ku Dedza boma. Mwana wanga anati ndifune twaini wa nayiloni wowedzera nsomba, wonenepa mosiyanasiyana. Mwini sitolo atamva kuti ndikufunanso wonenepa kwambiri anandifunsa kuti ku Chongoni kwayamba liti kupezeka nsomba zotere. Zomangira nsambo zinali mabawuti, amene owotcherera a pa Chimbiya anandiboolera timabowo tolowetsa twaini. Ndinaboola khosi la paini mzere umodzi wowongoka bwino, chinthu choyamba chowongoka chimene ndinapanga, n'kulowetsa mabawuti onse.

Tsiku lomanga nsambo alamu anali atapita. Ine ndinagwira sipanala, amuna anga n'kumatchera khutu. Ankang'ung'udza liwu, ine n'kumapotokola bawuti mpaka nsambo ifanane nalo. Zoyamba zinalira bwino. Chinthu chimene ndinachipanga ndi manja anga, pansi pa pichesi, chinkatulutsa mawu. Titapitirira theka, khosi linayamba kulira mwa mtundu wina.

"Bambo, thabwali likudandaula."

"Thabwa limatero, likukhazikika. Kokanibe."

"Lapindika."

"Mayi, matabwa ndayamba kugwira inu musanadziwe kuti sowo ali ndi mano. Kokani."

Ndinakoka. Khosi linang'ambika kutsata mzere wanga wokongola uja, kuchokera bawuti loyamba mpaka lomaliza. Nsambo ina inandikwapula patsaya, bawuti lina linauluka n'kukamenya ndowa, nkhuku zonse n'kubalalika.

"Paini ameneyu anadulidwa wosakhwima," anatero amuna anga.

Ndinakhala pansi pa utuchi n'kuyang'ana manja anga, matuza ena ophulika, ena ongoyamba kumene, chala chachikulu chitada ndi hamala. Kudimba kabichi anali atayamba kufota chifukwa ndinkathirira mothamanga. Ndinalira ngati mwana, mokweza, osasamala za odutsa. Iwo anakhala pampando wawo osadziwa poika maso. Patapita nthawi ndinamva dzanja lawo lamanja pamutu panga, likusasa utuchi pa duku.

Zidutswazo ndinaziponya kuseri kwa khitchini ndipo kwa masiku angapo sitinazitchule. Mwana wanga nditamuuza anandifunsa ngati ndinaonera vidiyo yonse. Ndinati bandulo inathera panjira, koma kunali kutatsala pang'ono. Iye anati pang'ono pamenepo m'pamene bambo wandevu amachenjeza kuti khosi lisakhale la mtengo wofewa, ndiponso kuti pamafunika kumata matabwa awiri olimba kuti lisang'ambike. Ndinamuthokoza pondiuza nthawi yabwino.

Mtengo wolimba kwathu kuno sumapezeka wamba. Mitengo ya m'nkhalango ndi yoletsedwa, ndipo ine sindinkafuna kukagona kupolisi chifukwa cha nyimbo. M'mawa wina tikumwa tiyi, amuna anga anayang'ana tebulo nthawi yaitali. Analimenya ndi chikhatho, ilo n'kupendama monga mwa masiku onse, tiyi wanga n'kutayikira.

"Mlombwa uwu sung'ambika," anatero.

"Ndiye?"

"Ndiye lichekeni."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. Tebulo limeneli analikhoma chaka chimene tinakwatirana, ndipo mlendo aliyense ankayenera kumva mbiri yake asanalandire madzi osamba m'manja. Ndinawafunsa ngati akunena zoona. Anati ndisawafunsenso, angasinthe maganizo.

Ndinalitulutsa pabwalo n'kuligwetsa chagada. Pochotsa miyendo iwo anayang'ana kumbali, kuphiri. Miyendo inayi ija ndinaigoneka pamodzi pabenchi, osati mwa chipongwe, ndinkangofuna poiika. Umodzi unali waufupi moonekeratu, kutsalira ndi chala chathunthu. Tonse tinauona. Ndinadikira, pokhala kuti ndinali nditadikira kale zaka zambiri. Iwo anautenga, anautembenuza, anaununkhiza.

"Chiswe," anatero.

Mlombwa unandiphunzitsa kuti paini anali kundisekerera. Sowo ankatentha, mikono inkachita dzanzi, utuchi wake wofiira unkalowa m'mphuno mpaka m'chakudya. Ndinacheka zidutswa ziwiri zopindika, ndinazimata, ndipo posowa alamu ndinazipsinja ndi matumba a kachewere wa mbewu. Ulendo uno amuna anga anachepetsako ulamuliro. Ankagwira thabwa ndi dzanja lamanja ndi kulipondereza ndi chigongono chamanzere, ndipo ndinaona kuti chigongonocho chayamba kumvera. Sindinanene, ndinkadziwa kuti ndikanena asiya. Madzulo ankadya ndi njala n'kudandaula kuti mpiru ndaupsereza.

Pomanga nsambo kachiwiri ndinkapotokola pang'onopang'ono, nkhope nditaitembenuzira kumbali. Tinazikoka masiku angapo, lero pang'ono, mawa pang'ono. Khosi linagwira. Nditapaka vanishi n'kumuimika pakhonde, zezeyo anapendamira kumanzere. Ndinayesa kumuwongola, osatheka. Amuna anga anamuyang'ana kuchokera pansi mpaka pamwamba ndi nkhope ya munthu amene waona mwana wofanana ndi kwawo.

"Simenti ya pakhondeyi," ndinatero.

"Ndakhala ndikunena," anayankha.

Ndinamusendeza pafupi ndi mpando wawo n'kunena kuti ayese. Anati ayesa mawa, lero dzanja latopa. Mawa lake anati kukuzizira. Tsiku linalo anati nsambo za nayiloni ndi za asodzi, munthu woyimba m'kwaya sangazigwire. Ndinatsala pang'ono kuwakumbutsa za matuza, za kabati yopanda msana, za mbiri yanga imene inafika ku Mphunzi. Kenako ndinaona mmene ankayang'anira kunjira nthawi iliyonse munthu akamadutsa, ndipo ndinazindikira kuti munthu amene ankatsogolera kwaya sankafuna kuti amuone akuphunzira ngati mwana wa sukulu, ngakhale kuonedwa ndi ine. Ndinanyamula mpando ndi zeze kupita nazo kuseri kwa nyumba, kumene kumawomba dzuwa ndipo kulibe njira. Ndinatenga kheni yothirira n'kunena kuti ndikupita kudimba, ndikachedwa.

Sindinachedwe kwenikweni. Pobwerera, ndisanafike pa mpanda, ndinamva. Linali liwu limodzi, kenako lina, kenako kubwerera poyamba, ngati munthu akuwoloka mtsinje podumpha miyala. Panali polakwika pambiri. Koma nyimboyo ndinaizindikira, inali ya m'kwaya yawo, imodzi mwa zija za bere limodzi zimene ndinkati zanditopetsa. Ndinaima kuseri kwa khitchini kheni ili m'manja mpaka anaimaliza n'kuyambiranso. Nditatulukira anachotsa dzanja msanga n'kuliika pantchafu.

"Nsambo yapakatiyi yatsika," anatero. "Mwamanga mwaulesi."

Kumeneko ndiye kunali kuthokoza kwawo, ndipo ndinakulandira.

Mvula isanagwe anali atabwerera pakhonde la kumaso. Anzawo a kwaya anayamba kubwera Loweruka masana kudzayeserera kwathu, poti zeze ndi wolemera kupita naye kutchalitchi. Ndinkawamva ndili m'khitchini akufunsa kuti chinthu chimenechi chachokera kuti.

"Ndinapanga ndekha," ankatero amuna anga. "Mayiwa ankandipatsira zida."

Tsiku lina mmodzi wa abambowo, amene mkazi wake ankadutsa tsiku lililonse popita kunkhuni, anandiyang'ana n'kutsokomola. Ine ndinangothira tiyi.

Chimene bambo wandevu uja sananene, kapena ananena bandulo itatha, n'chakuti nsambo za nayiloni zimamvera nyengo. Kukazizira zimasintha mawu, dzuwa likatuluka zimasinthanso, ndipo ku Dedza kuno zonsezi zimachitika tsiku limodzi. Munthu wa dzanja limodzi sangagwire sipanala uku akukodola nsambo. Choncho m'mawa uliwonse, ndisanapite kumunda, ndimaima pakhonde ndi sipanala, iwo atafunda bulangete, akukodola ndi kulamula.

"Kwezani. Pang'ono. Mwapitirira. Mayi, makutu munawasiya kuti?"

Nthawi zina ndimafika kumunda, ndangoyamba mzere woyamba, n'kumva akuitana. Ndimasiya khasu n'kubwerera. Sipanala ndinaimangirira ku chingwe cha makiyi, ndimayenda nayo m'chiuno.